Chikwama cha Etelka

Tsiku la penshoni ndimadzuka kusanache,
kupopa tayala lakutsogolo limene limaphwa usiku uliwonse,
n'kumangirira chikwama cha positi kumbuyo kwa njinga.
Mudzi wathu wonse uli m'menemu:
maenvulopu makumi anayi ndi asanu ndi awiri,
makalata atatu a ngongole ya magetsi,
ndi khadi limodzi lochokera ku Győr.

Chaka chimene anadula waya wa kumalire
ndinali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Tinaonera pa kanema kunyumba kwa a Dezső,
anthu akudula minga yachitsulo, akukumbatirana,
ife n'kumaomba m'manja m'chipinda chonunkha kabichi.
Malirewo ali kumadzulo, kutali ndi Borsod.
Khomo linatseguka kumaso kwa nyumba.
Ife okhala kuseri tinangomva mphepo ikudutsa
ndi zitseko zikumenyeka.

Kenaka ng'anjo za ku Ózd zinazima.
Bambo anabwera ndi chisoti chawo chapantchito m'jumbo,
osalankhula mpaka Lamulungu.
Mayi anachiboola pansi n'kudzalamo tsabola.
Kumwamba kunayera mbee,
zovala pachingwe zinaleka kuda,
ndipo tinadziwa mochedwa
kuti utsi tinkautukwana uja ndiwo unkatidyetsa.

A Dezső amandidikira pageti atavala jekete.
Amanyowetsa chala, kuwerenga kawiri,
kachitatu amawerengera ine:
"Mwana wa mlongo wanga ku Sopron
amatenga zimenezi pa sabata imodzi,
ndipo amadandaula."
Amaseka mpaka kutsokomola.
Amandipatsa maula awiri a mumtengo wawo.

Sitima imadutsa osaima.
Dokotala ndi wa Lachiwiri,
odwala Lachitatu aziona okha.
Kusukulu kumene ndinaphunzira kulemba dzina
tsopano amasungako matayala a thirakitala.
Koma pabwalo anatimangira kasupe wamadzi
ndi chikwangwani chabuluu cha nyenyezi khumi ndi ziwiri,
chachikulu kuposa kasupeyo.
Nkhunda zimayamika.

Kunabwera mnyamata wa ku Budapest, nsapato zoyera,
atanyamula mafunso masamba asanu ndi limodzi.
Mumapeza zingati pamwezi? Muli angati pakhomo?
Anali waulemu, anamwa khofi wanga yense.
Anandionetsa mapu a dziko lathu:
kumadzulo kobiriwira ngati dimba,
likulu lonyezimira pakati,
ife kuno pakona, ofiira ngati chilonda cha pachidendene.
Ndinaika chala pamudzi wathu,
chala chinaphimba ndi midzi ina isanu.
Basi yamadzulo itamusiya
ndinamuperekeza kumsewu waukulu pa njinga yomweyi.

Kumapeto kwa msewu, kumene phula linathera,
Jolán ndi ana ake aakazi avala malaya owala a ntchito ya boma,
akusesa masamba pamalo pamene anasesa dzulo.
Sakhala ndi kalata.
Ndimaimabe, timakambirana za mtengo wa nkhuni
ndi za chisanu chimene chikubwera.

Khadi lija ndi langa.
Ndimalinyamula mudzi wonse n'kudzadzipatsa pomaliza,
monga mwa lamulo la ntchito.
Gellért amamanga injini za magalimoto
amene sanapondepo msewu uno.
Walemba kuti lendi yakwera, mwana wayamba kuyenda,
Khirisimasi ino mwina.
Mawu akuti mwina amawalemba bwino kwambiri,
ndine ndinamuphunzitsa kupinda m.

Chaka chatha maenvulopu anali makumi asanu ndi atatu.
Belu la tchalitchi likalira pakati pa sabata
chikwama chimapepuka.
Akuluakulu a positi anena kuti akatsika pa makumi atatu
kuzibwera galimoto, kamodzi pa sabata,
yoimba hutala osazimitsa injini.

Ndikubwerera chokankha njinga,
tayala laphwanso pa mlatho.
Maula a a Dezső ali m'thumba, limodzi laphwanyika.
Mawa kuli makalata anayi okha,
koma ndiyenera kukagula chigamba.